Mmene mungazindikirire mitundu ya sitafishi mukatsikira kunyanja ya mchere

Disembala akamayandikira magulu a WhatsApp a kuno ku Harare amadzaza ndi mapulani, ena ali pa ulendo wa kumudzi kudzera pa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ena nde akhala akusonkherana chaka chonse kuti akaone nyanja ya mchere ku Vilankulo kapena ku Inhassoro, ndipo akabwerako ma status onse ndi munthu wakweza sitafishi m'mwamba mano onse panja. Ukafunsa kuti imeneyo ndi iti, yankho ndi limodzi, ndi sitafishi basi, yofiira. Koma abale nyenyezi za m'nyanjazi zilipo mitundu pafupifupi 1,900 padziko lonse, ndipo kuzindikira gulu lake si za maprofesa okha ayi, olo mwana wa Fomu 2 atha, bola adziwe poyang'ana. Chimene chimanamiza anthu ndi utoto wa khungu. Zoona zake zili kunsi kwa chamoyocho ndi pamalo pamene mwachipeza, ndipo zonsezi mutha kuona chili m'madzi osachipha.

Sitepe 1, dziwani kopita

Musataye mafuta kupita ku Chivero kapena ku Kariba, ndipo achimwene amene amalumbira kuti anaiona ku Mangochi ali mwana aja ingowasekani. Sitafishi ndi abale ake onse a gulu la Echinodermata sakhala m'madzi opanda mchere, palibe ndi mmodzi yemwe. Thupi lake limayendera madzi a m'nyanja enieniwo ndipo ilibe impso zosefera mchere, nde mukaiika m'madzi a pampopi imatupa nkufa.

Chifukwa chomwechi Beira si malo abwino kwenikweni olo ndi pafupi. Madalaivala athu a mathiraki amene mumatsika pa Forbes, Machipanda, Chimoio mpaka ku doko mukudziwa mmene madzi a ku Macuti amaonekera, matope okhaokha chifukwa Pungwe ndi Buzi amathira pomwepo, mchere umachepa nthawi ya mvula ndipo olo chinthu chili pansi simuchiona. Mukafika pa Inchope khotani kulowera kummwera pa EN1, msewu wake ngofuna kuleza mtima, muwoloke Save, kenako Inhassoro kapena Vilankulo. Kumeneko madzi ngoyera, kuli mchenga, kuli udzu wa pansi pa nyanja, ndipo mukakwera boti kupita kuzilumba za Bazaruto, zimene zili paki yotetezedwa kuyambira 1971, kuli miyala ya korali. Malo atatu onsewa pa ulendo umodzi, nchifukwa chake ineyo ndimati kwa munthu wa ku Harare kumeneko nde koyambira. Amene thumba likulola pitirirani ku Tofo kufupi ndi Inhambane, kapena ku chilumba cha Inhaca moyang'anana ndi Maputo, kumene kuli siteshoni ya sayansi ya zam'nyanja kuyambira 1951. Amene mumapita kokaoda ku Durban, m'maiwe a m'miyala a m'mbali mwa nyanja mulinso zake, ndipo uShaka Marine World ilipo ngati nthawi yachepa.

Kanthu kena ka pambali, kuno tili pamwamba pafupifupi mamita 1,500 ndipo malungo sitiwaganizira kwambiri, koma kugombe udzudzu wake si wamasewera, pitani ku kiliniki musananyamuke makamaka ngati mukutenga ana.

Sitepe 2, yang'anani mwezi musanabuke

Ife anakulira kumtunda timadziwa nyanja imene imakhala pamalo amodzi. Ya mchere imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mdima weniweni madzi amaphwa kwambiri kuposa masiku ena. Ku Vilankulo pamasiku amenewo nyanja imathawa kutali zedi nkusiya mchenga ndi udzu poyera, maboti atagona chammbali, nde nthawi yanu ndi imeneyo. Tsitsani app ya ma tide mukadali pa wifi kuno, muone ola limene madzi aphwe kotheratu, muyambe kuyenda kutatsala ola limodzi kapena awiri. Akayamba kubwerera musamati ndimalize kaye, pamalo athyathyathya amabwera mwakachetechete kudzera m'makwawa a kumbuyo kwanu, mumangozindikira njira yatsekeka. Funsani asodzi kapena amayi otola nkhono, amadziwa kuposa app.

Katundu wake si wambiri. Nsapato zolowa nazo m'madzi, olo matenesi akale, masilipasi amathawa. Magalasi osambirira ndi kapaipi kopumira ngati muli nazo. Foni m'kathumba kotchinga madzi. Karula ka pulasitiki ka mwana ka kusukulu. Kabuku ndi pensulo, cholembera cha inki chikanyowa basi zonse zapita.

Sitepe 3, kodi ndi sitafishi zoona?

Banja la Echinodermata lili ndi magulu asanu ndipo sitafishi, amene m'mabuku a bayoloje ndi Asteroidea, ndi limodzi chabe. Limene limasokoneza anthu ndi la Ophiuroidea. Mukavundukula mwala nkuona kanthu ka kathupi kozungulira pakati ndi mikono isanu yowonda kwambiri ikupiringizika nkuthawa mwaliwiro, imeneyo si sitafishi. Mikono yake imayambira pa kathupiko mwadzidzidzi, malire ake akuoneka, imaduka msanga mukaigwira ndipo kunsi kwake kulibe ngalande yotseguka. Sitafishi yeniyeni mikono imakula pang'onopang'ono kulowa m'thupi, imayenda modekha osapinda mikono kwambiri, ndipo kunsi kwa mkono uliwonse kuli ngalande kuchokera pakamwa mpaka kunsonga. Ngalande imeneyo nde chiphaso chake.

Abale enawo savuta. Zozungulira za minga zakuda zija ndi Echinoidea, pamodzi ndi tizigoba tophwatalala tokhala ndi chithunzi cha duwa pamwamba timene timapezeka pamchenga wa ku Bazaruto. Zazitali zofewa zogona pansi zimene ku Mozambique amati magajojo ndi Holothuroidea. Za nthenganthenga zomata pa korali ndi Crinoidea. Mwala umene mwavundukulawo muubwezere mmene unalili, za kunsi zikhale kunsi.

Sitepe 4, kuigwira ndi kuitembenuza

Apa nde pamene ambiri timalakwitsa. Sitafishi ilibe mapapo, imapumira pa titimatumba tofewa tosaoneka bwino timene tili pakhungu ndi pa timapazi take, zonsezi zimagwira ntchito zili m'madzi. Mukaikweza mumphepo ndi dzuwa la Disembala lija ikubanika, ndipo anthu khumi akamalandizana kuti aliyense ajambulitse, pobwezedwa imakhala yatheratu olo ikuoneka bwinobwino, poti ilibe nkhope yoti muone kuti yavutika. Manja odzola mafuta a dzuwa nawonso ayi, asambeni kaye.

Nde chitani chonchi. Khalani chonjuta pamadzi ofika m'mawondo kapena kuchepera apo. Ijambuleni kaye pomwe ili musanaikhudze, karula pambali pake. Ngati yagona pamchenga kapena pa udzu lowetsani dzanja kunsi, muikweze pang'ono, muitembenuze ili pansi pa madzi. Ngati yamata pamwala musaikoke, timapazi take timamata ndi zinthu zonga guluu ndipo mukakakamiza timaduka nkutsalira pamwalapo, ingoyang'anani chammbali mudikire, nthawi zambiri imadzutsa nsonga ya mkono yokha nkukuonetsani zonse. Ndipo ya minga yaitali yokhala ndi mikono yambirimbiri musaigwire konse, ndifika kwa iyo.

Mukaitembenuza poyamba ngalande zimatseka, zonse zii. Dikirani pang'ono osaigwedeza, muona ngalande ikutseguka, timapazi toyera tofewa tikutuluka kamodzikamodzi kenako mazanamazana, kalikonse kakufufuza kwakekwake, kena kamata pachala panu nkumakoka mozizira. Pakati penipeni ndi pakamwa, mwina mupeza kachikopa kotuwa kofewa kali panja, chimenecho ndi chifu, zambiri zimatulutsa chifu nkuphimba chakudya nkuchigaya kunja komweko. Kunsonga kwa mkono uliwonse kuli kadontho kofiira kapena ka olenji, limenelo ndi diso, silitha kuona bwino ngati lathu koma limasiyanitsa kuwala ndi mdima ndipo zina zimapeza nalo njira yobwerera ku korali. Ubongo ilibe, magazi ofiira ilibe. Pamwamba, pafupi ndi pakati koma chapambali pakati pa mikono iwiri, pali kasefa kolimba kosiyana utoto ndi khungu, dzina lake madreporite, madzi amalowera pamenepo nkuyenda m'timapaipi mpaka kukafika ku timapazi tonse tija. Ana a bayoloje kapezeni kameneka, mayeso amakakonda.

Mukamaliza ibwezeni pomwe munaitenga pakamwa pali pansi. Imatha kudzitembenuza yokha, imapinda mkono umodzi kapena iwiri nkugwira pansi nkudzigubuduza, koma zimaitengera nthawi ndi mphamvu.

Sitepe 5, mafunso anayi

Makwerero a mayina ali chonchi, phylum ndi Echinodermata, class ndi Asteroidea, kenako order, family, genus, species. Ma order a sitafishi zimene zilipo lero ndi 7, koma musaope, atatu mwa iwo simukumana nawo patchuthi. Brisingida ndi Notomyotida ndi za pansi pakuya pa mdima, sitafishi zimapezeka mpaka mamita 6,000 kutsika, ndipo Velatida zambiri ndi za madzi akuya kapena ozizira, zina zimatulutsa mamina ambirimbiri zikaopsezedwa. Otsala ndi anayi, Paxillosida, Valvatida, Spinulosida ndi Forcipulatida, ndipo mumawasiyanitsa ndi mafunso awa.

Loyamba, nsonga za timapazi ndi zosongoka kapena zophwatalala? Funso ili lokha limagwira ntchito theka. Zosongoka ndi zokumbira mumchenga, imeneyo ndi Paxillosida. Zophwatalala zomatira ndi za magulu atatu enawo.

Lachiwiri, timapazi tili m'mizere ingati mu ngalande? Iwiri ndi zambiri mwa izo. Inayi, ngalande yotakata yodzaza thothotho, ganizani za Forcipulatida.

Lachitatu, m'mphepete mwa mikono muli timafupa tikulutikulu tondandalikana tooneka bwino, kapena mkono ndi woburungira wopanda mphepete?

Lachinayi, pamwamba pali chani? Timizati tothinana tokhala ndi timinga ting'onoting'ono pamutu pake ndi Paxillosida. Khungu lolimba la timibulu kapena zitunda zikuluzikulu nthawi zambiri ndi Valvatida, gulu lalikulu kuposa onse ndipo m'nyanja zofunda ngati ya Mozambique ndi limene lili ponseponse. Mafupa olukana ngati ukonde ndi timinga tatifupi, thupi laling'ono pakati mikono yoburungira, ndi Spinulosida. Minga yozunguliridwa ndi timilomo totsina ndi Forcipulatida, ndipo mukagoneka kumbuyo kwa dzanja la ubweya pamwamba pake mumamva tikukoka ubweya.

Kuwerenga mikono kumathandiza koma musakukhulupirire kwambiri. Isanu ndi imene ili yofala, koma pali za 7, za 20, ndipo ku Antarctica kuli Labidiaster annulatus imene imafika pafupifupi 50. Komanso ina inaduka mkono ikumera watsopano, mupeza inayi yaikulu ndi kamodzi kakang'ono.

Sitepe 6, malo amakuuzani dzina

Apa nde ndikhalitsa chifukwa mukadziwa pamene mwaponda mwachepetsa kale mayina oti muganizire.

Pamchenga woyera yang'anani chithunzi cha nyenyezi chotuwa pansi, nthawi zambiri chamoyocho chadzikwirira pang'ono mumangoona mzere wake. Yophwatalala, mikono isanu yosongoka, timafupa ta m'mphepete tooneka ndi minga yondandalikana m'mbali, timapazi tosongoka, imeneyo ndi Astropecten. Mukaiika pamchenga imamira pomwepo inu mukuona, osakumba ndi mikono ayi, timapazi tokha tikukankhira mchenga kumbali. Iyo situlutsa chifu, imameza tinkhono tathunthu nkulavula zigoba pakamwa pomwepo poti kotulukira kwina ilibe. Mbale wake ndi Luidia, yaikulu yamawangamawanga, mikono yaitali yofewa nthawi zina 7 mpaka 9, yaliwiro kuposa zinzake ndipo imadya sitafishi zinzake ndi abale ena. Imeneyi musainyamule, imadula mikono yokha ikachita mantha. Msampha wa pamchenga ndi Archaster, pamwamba imafanana kwambiri ndi Astropecten koma mukatembenuza timapazi take ndi tophwatalala, nde ndi Valvatida. Mwaona chifukwa chake ndikuti kunsi?

Pa udzu wa m'nyanja, umene ku Bazaruto ndi chakudyanso cha nyama zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa dugong, nde kwawo kwa za maselefi. Yotchuka ndi Protoreaster lincki, thupi lotuwa lolimba gwa, zitunda zofiira zazitali pamwamba ndi mizere yofiira yolumikiza chitunda ndi chinzake, imakula mpaka masentimita 30. Ndi ya kuno kumadzulo kwa Indian Ocean, Kenya, Zanzibar, Mozambique. Pambali pake mupeza Pentaceraster, kaumbidwe kofanana koma zitunda zazifupi zambiri, ndipo utoto wake nde chisokonezo, ina yobiriwira, ina yachikasu, ina yofiirira, ina yotuwa, mungaganize mwapeza mitundu isanu pamene mwina ndi umodzi. Zonsezi ndi family ya Oreasteridae mu Valvatida. Yang'anani kutalika kwa zitunda ndi mmene zandandalikirana, utoto muusiye komaliza.

Pa korali, monga ku Two Mile Reef pakati pa Bazaruto ndi Benguerra, apa mpofuna magalasi ndipo simuponda pansi, korali ndi chamoyo ndipo imacheka. Linckia laevigata ndi ija ya mikono yaitali yoburungira yosalala, kathupi kakang'ono pakati. Anthu amaidziwa ndi buluu wowala koma iliponso yotuwa, ya pinki ndi ya olenji, mtundu womwewo. Mbale wake Linckia multifora ndi wamng'ono wamadonthomadontho ndipo ali ndi matsenga ake, amadula mkono dala, mkonowo nkuyenda wokha nkumera thupi latsopano, nde mukapeza mkono umodzi wautali uli ndi timikono tinayi ting'onoting'ono kumapeto musati ndi yolumala, ndi yatsopano ikubadwa. Si sitafishi zonse zimatha zimenezi, zambiri zimafuna kachigawo ka pakati pa thupi kuti zimere. Fromia ndi zazing'ono zofiira kapena za olenji za timafupa tooneka bwino. Echinaster imafanana ndi Linckia patali, koma khungu lake ndi lofewa loterera ndi timinga, imeneyo ndi Spinulosida.

Kenako pali Culcita. Ambiri amaidutsa kuyesa mwala chifukwa ilibe mikono yooneka, ndi chinthu chotupa cha ngodya zisanu, kukula kwake ngati mkate wophika mu poto. Itembenuzeni muona ngalande zisanu zili pomwepo kuchokera pakamwa. Ikakhala yaing'ono imakhala yophwatalala ya ngodya zooneka bwino, imatupa ikamakula. Muyang'anitsitse kunsi kwake, kawirikawiri pamakhala kashirimpi kakang'ono kofanana nayo utoto kakukhala pomwepo.

Ya minga ija tsopano, Acanthaster, azungu amati crown-of-thorns. Yaikulu, imapitirira masentimita 30 mosavuta, mikono kuyambira khumi ndi kangapo mpaka kupitirira 20, thupi lonse minga yaitali yakuthwa ya poizoni. Poona mikono ndi minga mungaiike ku Forcipulatida koma ndi Valvatida, timapazi take tili m'mizere iwiri. Kwa zaka zambiri zonse zinkatchedwa Acanthaster planci, koma atayeza DNA anapeza kuti ndi mitundu ingapo, ya kumbali yathu ya kummwera kwa Indian Ocean ndi Acanthaster mauritiensis. Imadya korali, imayala chifu pamwamba pake nkusiya chipsera choyera mbuu, nde mukaona korali yoyera kagawo kamodzi yang'anani kunsi kwake mwina yabisala. Zikakhala zochepa palibe vuto, ndi gawo la malowo, koma zikaswana mopyola zimamaliza korali, ku Great Barrier Reef ku Australia akhala akulimbana nazo kuyambira m'ma 1960 ndipo masiku ano osambira amazibaya jakisoni wa viniga imodziimodzi. Inu musakhale ngwazi, kuidula sikuthandiza, uzani oyang'anira paki kapena mwini boti. Ikakubayani tulukani m'madzi, viikani malowo m'madzi otentha amene khungu lingapirire osapsa, minga yooneka muichotse mosamala poti imathyokera mkati, kenako kuchipatala, musadikire kuti mukaonetse mukafika ku Harare.

M'maiwe a m'miyala a ku South Africa mukumana ndi kakang'ono kotchedwa Parvulastra exigua, masentimita awiri basi, kophwatalala ka ngodya zisanu kofanana ndi mwala umene kamatapo. Kameneka kali ndi khalidwe lake. Sitafishi zambiri zimangothira mazira ndi umuna m'madzi, tiana nkumayandama masabata angapo tisanakhale pansi, ndipo tianato sitioneka ngati nyenyezi nkomwe, tili ndi kumanja ndi kumanzere ngati ife. Koma aka kamamata mazira kunsi kwa mwala ndipo tiana timatuluka tikukwawa kale.

Forcipulatida zambiri ndi za madzi ozizira, nde ku Mozambique musazivutikire. Amene muli ndi abale ku Cape Town mukaona Marthasterias m'miyala ya ku False Bay, yaikulu ya minga, yodya nkhono za zigoba ziwiri. Imakumbatira nkhono, timapazi nkumata mbali zonse ziwiri nkumakoka osatopa, pakangotseguka kampata kochepa olo milimita imodzi imalowetsa chifu nkudya mwini nyumba ali m'nyumba mwake. Kudya kumeneku kuli ndi ntchito yaikulu. Robert Paine, wa sayansi wa ku America, kuyambira 1963 ankachotsa sitafishi za Pisaster ochraceus pa kagawo ka gombe ku Washington State nkumaziponya kutali, nkhono zinaswana nkulanda mwala wonse, mitundu ya zamoyo pamalopo inatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8. Mawu oti keystone species (chamoyo chimene mukachichotsa malo onse amasokonekera) amene ali m'manotsi a ana athu anachokera pamenepo mu 1969. Gombe lomwelo kuyambira 2013 linagwidwa ndi matenda osungunula sitafishi, ndipo Pycnopodia helianthoides, chimphona cha mikono yofika 24 chotalika pafupifupi mita, chinatha mpaka mu 2020 chinalowa pa mndandanda wa bungwe loteteza zachilengedwe la IUCN wa zimene zatsala pang'ono kutheratu, zaminga zimene inkadya zija nkuswana nkumaliza nkhalango za zomera za pansi pa nyanja.

Sitepe 7, zithunzi ndi kulemba

Zithunzi zinayi pa iliyonse zikwana. Chapamwamba chonse ndi karula, chakunsi chonse, chapafupi cha ngalande timapazi titatuluka, ndi chapafupi cha khungu pamene pali kasefa kaja. Dzuwa likamanyezimira pamadzi imani moti mthunzi wanu ugwere pa iyo, kapena mizani foni ili m'kathumba kake. M'kabuku lembani tsiku, ola, malo, pansi pake panali mchenga, udzu, mwala kapena korali, madzi amafika pati, mikono ingati, ndi kutalika kuchokera pakati pa thupi kufika kunsonga ya mkono, umu ndi mmene akatswiri amayezera, osati nsonga ndi nsonga.

Mukabwerera pa netiweki yabwino ikani pa iNaturalist, app yoikapo zithunzi za zamoyo, ndi yaulere. Ikupatsani dzina longoganizira koma musangodina, imanamizidwa ndi utoto ngati ife tomwe. Ikani pamene mwatsimikiza, ngati ndi Valvatida lembani Valvatida, ngati ndi Pentaceraster lembani Pentaceraster sp. nkusiya pomwepo, anthu odziwa adzabwera kudzawonjezera. Astropecten yokha ili ndi mitundu yoposa 100 ndipo ina akatswiri omwe amafuna maikulosikopu, nde kuima pa genus si manyazi. Kalembedwe ka dzina kolondola muone pa WoRMS, webusaiti ya mayina a zamoyo za m'nyanja, mayina amasintha, buku lakale la kusukulu litha kukhala ndi lina.

Sitepe 8, zouma za pamsika

Mugombe anyamata akubweretserani zouma, zina zopakidwa penti wa buluu kapena wofiira kuti ziwale. Ndikudziwa ndi ana a anthu akusaka ya ufa, koma zimenezo sizinatoledwe zakufa, zimatengedwa zamoyo nkuyanikidwa padzuwa, ndipo Protoreaster lincki ndi imodzi mwa zimene zimavutika kwambiri ndi malonda amenewa poti ndi yokongola, yodekha komanso ili posaya. Mkati mwa paki ya Bazaruto kutola zamoyo ndi zigoba nkoletsedwa. Ngati mukufuna kusiya meticais kumeneko mulipireni mnyamatayo akuperekezeni pa udzu madzi ataphwa, akuonetsani zambiri mu ola limodzi kuposa zimene mungapeze nokha sabata yonse. Za kubwera nayo yamoyo mu chigubu kuti mukaike mu thanki ya nsomba kunyumba iwalani, mchere wa kukhitchini si madzi a m'nyanja, ndipo ndi magetsi ozimazimawa pampu ikaima usiku umodzi zatha.

Koma m'nyumba zambiri ku Highfield, Mufakose kapena Mabvuku muli ina yakale mu kabati ya magalasi pambali pa makapu a alendo, imene agogo kapena amalume a pa njanji anabwera nayo kalekale. Imeneyo inafa kale, igwiritseni ntchito, makamaka kwa mwana amene ali ndi pulojekiti ndipo kunyanja sanafikeko. Timapazi tinauma simuona nsonga zake, utoto unafwifwa, koma ngalande zisanu zilipo, pakamwa palipo, kasefa kakuoneka bwino kuposa pa yamoyo, timafupa ta m'mphepete ndi zitunda zonse zili m'malo mwake, nde funso lachitatu ndi lachinayi mwana ayankha ali patebulo. Muuzeni ajambule pamwamba ndi kunsi ndi pensulo, alembe dzina la chiwalo chilichonse, ayeze ndi rula, kenako afananize ndi zithunzi za pa intaneti. Ngati ili ndi zitunda ndipo ndi yolemera molimba mwina ndi ya Oreasteridae, ngati ndi ya mikono yoburungira ngati zala mwina ndi Linckia. Fumbi muchotse ndi kaburashi ka mano kouma, musaitsuke ndi madzi, ndipo nyengo ya mvula muziisunga pouma poti ikamwa chinyezi imachita nkhungu nkuyamba kununkha nyumba yonse.